Mawu kwa Achinyamata Opita Kukaphunzira Fizikisi ndi Masamu

Ine sukulu ndinalekezera ku sekondale, koma ndinaona mphwanga akuvutika chaka chake choyamba pa University of Dar es Salaam. Ankadzuka m'bandakucha kuno ku Vingunguti kukakwera daladala, n'kubwerako madzulo nkhope ili yakugwa.

Iye ankati calculus ndiye wamukanika. Koma mnzake wa chaka chachitatu ataona kope lake, anapeza kuti vuto lili pa algebra ndi trigonometry, zimene anaphunzira modumphadumpha pa nthawi imene tinkathawa kwathu. Mphunzitsi wa ku yunivesite sabwerera m'mbuyo. Amangoti izi munazidziwa kale ku Fomu 5 ndi 6, ndipo zonsezi akuzinena m'Chingelezi. Ku fizikisi nakonso, phunziro la kayendedwe ka zinthu limafuna calculus ndi ma vector msanga ndithu.

Choncho inu amene mwasankhidwa, musadikire tsiku lotsegulira. Bwerekani mabuku a masamu a Fomu 5 ndi 6. Kuwerenga kokha sikuthandiza, gwirani pensulo, sovani mafunso asanu tsiku lililonse. Limene lakukanikani lilembeni padera, mukafunse popanda manyazi. Mphwanga anachita izi miyezi itatu ndipo anakhoza mayeso obwereza.

Makolo, mwana akakhala pa buku madzulo, musam'tume kumadzi.

Ofuna thandizo la fizi, funsani ku ofesi za DAFI, thandizo la boma la Germany kudzera ku UNHCR lomwe linayamba mu 1992. Limatchedwa dzina la Albert Einstein, katswiri wa fizikisi amene naye anali wothawa kwawo.