Mau a Mthandizi wa ku Cipatala pa za Kuipa kwa Fodya

Pa msonkhano waukuru wa caka, Wapampando anapempha Mthandizi wa ku cipatala ca m'boma lino kuti alankhule za fodya. Mwacidule mau ace anali otere.

Poyamba anabvomera kuti ambiri a mamembala analipiriridwa sukulu ndi ndarama za fodya, cotero sanadze kudzanyoza mlimi, koma kudzacenjeza wosuta. Anakumbutsa kuti m'caka ca 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill a ku London anaonetsa kuti kusuta kumadzetsa khansa ya m'mapapo, ndipo Doll mwini wace analeka kusuta ataona zimenezi. Kuyambira 1951 anatsatira miyoyo ya madotolo a ku Britain, ndipo m'caka ca 2004 kunalengezedwa kuti wosuta amafa msanga ndi zaka ngati 10 poyerekeza ndi wosasuta. Koma woleka ali ndi zaka 40 amapulumutsa zaka ngati 9, ndipo woleka ali ndi zaka 60 amapulumutsabe zitatu.

Ananenanso kuti utsi umaononga mtima ndi mitsempha ya mwazi, umatsegulira njira cifuwa cacikuru, ndiponso umadwalitsa mai ndi ana ogona m'nyumba yomweyo. Cingambwe copicira m'pepala siciposa ndudu ya m'sitolo pa ubwino, ndipo fodya wa mphuno nayenso ali ndi nikotini, amene amamanga munthu ukapolo.

Pa za kuleka analangiza motere: munthu asankhe tsiku, ataye fodya yense wa m'thumba, nauze a kunyumba kwace ndi anzace a pa nchito. Cibaba cikamgwira apirire, pakuti cimatha pa mphindi zowerengeka. Amwe madzi, kapena atafune nzimbe. Sabata yoyamba ndiyo yowawa, cotero apewe ku mowa, kumene ambiri amagwera. Wogwa asacite manyazi, ayambenso. Wotsokomola kwa masabata awiri, kapena wolabvula mwazi, apite ku cipatala osazengereza.

Pothokoza, Wapampando anati thumba la maliro la Bungwe lingagule bokosi, koma silingalere ana amasiye. Anapempha ofuna kuleka kuti alembetse kwa Mlembi, kuti azilimbikitsana awiriawiri, popeza mutu umodzi susenza denga.