Mbale za galamafoni si zovundikirira mtsuko

 Ine ndine mlimi, za chimanga ndi nandolo timakamba sabata ndi sabata, ndiye lero mundilole ndipatuke pang'ono. Ndikambe za mbale zakuda zija za nyimbo, zimene agogo athu anabwera nazo kuchokera ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni.

Munthu akamabwerako ku ntchito masiku amenewo, mu sutikesi munkakhala jekete, bulangete ndi mbale za galamafoni. Nyimbo zambiri za m'mbalezo zinali za chitoliro chachitsulo chopindika chija, sakisafoni. Zambiri zinatayika nthawi ya nkhondo, pamene anthu ankathawira ku Malawi kudzera ku Mwanza. Munthu wothawa sanyamula galamafoni. Pobwerera, mtendere utasainidwa mu 1992, ena anapeza nyumba ndi phulusa. Koma zilipo zinapulumuka, ndipo ndaziona ndi maso angawa: ina avundikirira mtsuko, ina ana akuigubuduza pabwalo ngati wilo.

Mukudziwa kodi zimene zili m'menemo? Ku Bulawayo kunali bambo August Musarurwa, woimba sakisafoni mu bandi ya antchito a Cold Storage Commission. Anapeka nyimbo yotchedwa Skokiaan, dzina la mowa woletsedwa uja akuluakulu amati chikokeyani. Mu 1954 nyimboyo inafika ku America, Louis Armstrong naye anaijambula, ndipo atabwera ku Rhodesia mu 1960 awiriwa anakumana. Taonani, nyimbo ya m'komboni, imene agogo ankavina Loweruka atalandira malipiro! Ku Joni kunali Spokes Mashiyane, amene anayamba ndi kachitoliro ka kwela kenaka n'kutenga sakisafoni, ndi West Nkosi wa simanjemanje. Kunalinso Kippie Moeketsi. Mbale imene iye anajambula mu 1960 ndi Hugh Masekela, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand, gulu lawo Jazz Epistles, anaidinda 500 zokha basi. Amene ali nayo lero saibwereketsa.

Kunjaku kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusaka mbale zotere. Ena amazidindanso kachiwiri. Kampani ya Blue Note ku America, kuyambira 2019, ikutulutsanso nyimbo zakale za jazi, monga za John Coltrane, pa mbale zolemera magalamu 180. Amabwerera ku tepi yoyambirira imene anajambulira tsiku lenilenilo, chifukwa akuti m'menemo umamva ngakhale mpweya wa woimba akamapuma. Zili ngati mbeu: ya m'nkhokwe ya chaka chachitatu siifanana ndi yoyamba. Michael Baird, wobadwira ku Lusaka koma wokhala ku Holland, anatulutsanso pa CD nyimbo za jazi wa ku Bulawayo zimene Hugh Tracey anajambula pakati pa 1950 ndi 1952.

Apa ndi pamene pagona nkhani. A Coltrane ali ndi tepi yawo, yosungidwa bwino. Nyimbo zambiri za kuno kum'mwera za zaka zimenezo tepi yake kulibe. Chatsala ndi mbale imene ili pa mtsuko wanuyo. Ikasweka, mwina nyimbo yatha pomwepo.

Ndiye kasungidwe. Mbale zilipo mitundu iwiri. Zolemera, zolembedwa 78, mbali imodzi mphindi zitatu, zimasweka ngati phale zikagwa. Zimenezi musapukute ndi kachasu kapena sipiriti, zimasungunuka. Kansalu kofewa kouma kakwana. Zopepuka, za 45 ndi 33, sizisweka msanga koma zimaopa moto. Dzuwa la Moatize la mwezi wa Okutobala mukulidziwa, mukaisiya pansi pa malata imapindika ngati chikumba. Ndipo yopepukayo musaiike pa galamafoni yopukusa, singano yake yachitsulo imalima mizere yonse ngati khasu. Ziimikeni chilili, osasanjikiza, kutali ndi chiswe. Chikwama chake cha pepala, ngakhale chong'ambika, musayatsire moto, chifukwa osakawo amachifunanso.

Za kugulitsa sindiletsa, njala ndi njala. Komanso ndisakunamizeni kuti mbale iliyonse ndi ndalama ayi. Zambiri ndi zokalikakalika, palibe angakupatseni ngakhale mtengo wa nkhuku. Koma wina akafika pakhomo n'kunena kuti ndikupatsani ma metikali pang'ono pa mulu wonse, musafulumire. Iye wawerenga kale dzina ndi nambala zili pakatipo, inu simunawerenge.

Pempho langa kwa kalabu ndi ili. Mwezi wamawa aliyense afunse kwa agogo, kwa amalume, kwa azakhali amasiye amene anasunga sutikesi ya malemu. Mbale musainyamule pa njinga, idzafika zidutswa. Lembani papepala dzina la woimba, dzina la nyimbo, kampani, kaya Gallotone kaya Troubadour, ndi nambala yake. Tikapeza makina ozungulira bwino tidzazijambula pa foni, tikapereke ku wailesi, ndipo mwini wake, ngati ali moyo, adzafotokoze yekha kumene anaigula ndi chaka chake. A ku Zóbuè mufunsenso abale a tsidya la Mwanza, poti katundu wina anatsala kumeneko.