Foni ya kumutu kwa bedi ikutidyera tulo

Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndiye ndiyambire komwe ndimakudziwa.

Mapulogalamu ambiri a pafoni sanapangidwe kuti muone chomwe mukufuna n'kuchokapo. Facebook ndi TikTok amapeza ndalama potsatsa malonda, choncho mukakhalitsa iwo amapindula. N'chifukwa chake tsamba silifika pamapeto: chala chikangokwera, zina zabwera kale. Njirayi anaiyambitsa Aza Raskin mu 2006, ndipo mwini wakeyo pambuyo pake anadandaula poyera ndi mmene ikugwiritsidwira ntchito. Mu 2021 Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata zosonyeza kuti kampaniyo inkadziwa kuti Instagram ikuwonjezera nkhawa za atsikana ena pa maonekedwe a thupi lawo. Mwana wanu akamakanika kuika foni pansi, musafulumire kunena kuti ndi mwano. Akulimbana ndi akatswiri olipidwa bwino.

Koma ife a kunja tili ndi vuto lathulathu, la nthawi. Ku Lilongwe ikakwana 6 koloko m'mawa, ku London m'nyengo yozizira imakhala 4 koloko, pomwe ku New York ndi 11 koloko usiku wa dzulo lake. Kumudzi akudzuka, ife tili pakati pa tulo, ndipo magulu a WhatsApp ayamba kulira: la banja, la mpingo, la anzathu a kusekondale. Mkati mwakemo muli pempho la fizi kapena la feteleza. Ukaliwerenga m'bandakucha, tulo tathera pomwepo, mutu wayamba kuwerengera malipiro a mwezi uno. Abale a ku Johannesburg ndi ku Harare nthawi yanu ndi imodzi ndi ya kwathu, koma mapemphowo ndi omwewo.

Madokotala amati munthu wamkulu azigona maola osachepera 7. Kuwala kwa usiku kumachedwetsa melatonin, mankhwala omwe thupi limapanga lokha pokonzekera tulo, ngakhale ine ndimaona kuti zomwe tikuwerengazo n'zimene zimativulaza kwambiri kuposa kuwalako. Kusagona ndi nkhawa zimadyetsana: ukasowa tulo maganizo amalemera, maganizo akalemera tulo timathawa. Ganizirani mlongo wathu amene amasamalira okalamba usiku wonse, kapena achimwene oyendetsa lole. Kwa iwowa kusinza pantchito kungathe kuwachotsetsa ntchito, mwinanso kutayitsa moyo.

Sindikuuzani kuti muzizimitsa foni. Tonse tikudziwa chomwe foni ya usiku imatanthauza kwathu: matenda kapena maliro. Palibe amene akufuna kudzuka n'kupeza kuti amayi anaimba kasanu. Koma foni imatha kusankha. Pa iPhone ndi pa Android pali Do Not Disturb, yomwe imatontholetsa zonse n'kulola anthu okhawo amene mwawasankha. Ikani anthu awiri kapena atatu odalirika a kumudzi. Mukatero muwapemphe akuimbireni kuti muone ngati ikulira, chifukwa kuimba kwa pa WhatsApp sikudutsa mofanana pa mafoni onse. Kenako auzeni achibale momveka bwino: zikavuta imbani, koma uthenga wolemba ndiwerenga kukacha. Magulu aja atsekeni pakamwa, ndipo tizizindikiro tabuluu tosonyeza kuti mwawerenga mutha kutichotsa, kuti wina asakuŵerengereni mphindi.

Tchaja ikhale pabalaza. Wotchi yodzutsa ndi yotsika mtengo. Kuyambira 2018 mafoni amaonetsa maola omwe mwathera pa pulogalamu iliyonse, pa Screen Time kapena Digital Wellbeing. Mukafika kunyumba kaoneni anu musanafunse a ana.

Ngati papita masabata tulo tikukana ndipo mtima sukukhazikika, kaonaneni ndi dokotala. Zikafika pothina usiku, ku Britain imbani Samaritans pa 116 123, n'kwaulere. Ku America nambala ndi 988.