Mphuno ya galu wa apolisi ndi phukusi la mwini

Amayi ndi abambo a m'mafamu ozungulira Arcturus, ndi inu ogwira ntchito m'nyumba za anthu ku Harare, Disembala wayandikira, ndipo ena mwa inu mukukonzeka ulendo wa kumudzi kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Pobwerera, wina adzakugwirani mkono pokwerera basi ku Blantyre, nati: "Tandinyamulirankoni kaphukusi aka, mukapatse mwana wanga ku Mbare." Musanavomere, imvani za galu amene mungakumane naye m'njira.

Apolisi a dziko lino komanso bungwe la msonkho la ZIMRA ali ndi agalu onunkhiza katundu. Kuli mphekesera yakuti agaluwa amawasutitsa chamba kuti azichisaka ndi chibaba. Si zoona. Maphunziro awo onse ndi masewera. Ophunzitsa amasankha galu wokonda kusewera, kawirikawiri wa mtundu wa German Shepherd, Belgian Malinois kapena Labrador. Amayamba kukokana naye kathaulo koyera mpaka kukhala chinthu chimene galuyo amachikonda koposa. Kenaka amakulungamo chamba pang'ono, kuti fungolo ndi masewerawo zikhale chinthu chimodzi m'mutu mwake. Akatero amabisa kathauloko m'bokosi, m'tayala, m'chikwama, ndipo tsiku lililonse pobisa pamanka pavuta. Pomaliza amamuphunzitsa kukhala pansi kapena kuyang'anitsitsa pamene fungo likuchokera, ndipo mphoto yake ndi mpira kapena kathaulo komweko. Mafungo a mankhwala ena, monga kokeni ndi mutoriro, amawonjezedwa mwa njira yomweyo.

Galuyo sadziwa lamulo, sadziwanso mwini phukusi. Iye akufuna choseweretsa chake basi. Koma mphuno yake si yamasewera: timaselo tomvera fungo ali nato toposa 200 miliyoni, pamene munthu ali nato pafupifupi 6 miliyoni. Ife tikalowa m'khitchini timangomva kuti ndiwo zapsa, iye amamva tomato payekha, anyezi payekha, nsomba payokha. Choncho wokuuzani kuti "ndakulunga m'kati mwa usipa, palibe angadziwe" akuika moyo wanu pachiswe.

Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Komabe pa nkhani iyi mwambiwo uli ndi malire. Fungo limatsalira m'chikwama kapena pa mpando wa basi ngakhale chinthucho chidachoka kale. Mu 2006, ofesi yomva madandaulo a anthu ku New South Wales, m'dziko la Australia, idapeza kuti mwa anthu anayi aliwonse amene adasechedwa galu atawaloza, pafupifupi atatu adalibe mankhwala. Mu 2011, Lisa Lit ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Davis adayesa agalu 18 pamodzi ndi owagwira m'zipinda zopanda mankhwala konse. Owagwirawo adauzidwa kuti m'malo ena mwabisidwa kanthu, ndipo agalu adaloza koposa ka 200, makamaka pamene anthuwo ankaganizira. Galu amawerenga thupi la mbuye wake. Kuloza kwake ndi chifukwa chosechera, si umboni wa mlandu.

Mlandu umabadwa chinthucho chikapezeka. Lamulo la milandu la Zimbabwe, m'ndime 156 ndi 157, limaletsa kugulitsa, kunyamula ngakhale kungopezeka ndi mankhwala oopsa, ndipo chilango chimafika pa zaka zambiri m'ndende. Musanamizidwe kuti chamba adachiloleza. Zimbabwe mu 2018 ndi Malawi mu 2020 adalola kulima kwa okhala ndi chiphaso okha, kaamba ka zachipatala ndi zina zovomerezeka. Phukusi la m'basi silili m'gulu limenelo. Ndipo mawu akuti "sindimadziwa za m'katimo" ndi ovuta kuwatsimikiza pamaso pa woweruza pamene wokutumani wazimitsa foni.

Tsono mutani? Safunsa adadya phula. Phukusi lililonse limasulidwe pamaso panu, ngakhale litachokera kwa malume anu. Wokana kumasula, katundu wake atsale. Lembani dzina pa zikwama zanu ndipo muone pamene kondakitala waziika. Galu akakuyandikirani, imani phee: musathawe, musamumenye. Nenani momveka kuti chanu ndi ichi, icho si chanu, ndipo pemphani kuti atsegule inu mukuona.

Zikafika pomangidwa, kumbukirani malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013. Ndime 50 ikunena za munthu aliyense, osati nzika zokha. Izi ndi zofunika kuno ku Arcturus, kumene ambiri makolo awo adabwera kudzagwira ntchito mumgodi ndi m'mafamu, koma mpaka lero alibe zitupa. Muli ndi ufulu wouzidwa chifukwa chimene akukumangirani, wodziwitsa wachibale kapena loya, wokhala chete, komanso wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48. Ndime 70 ikukupatsani womasulira, ndipo ndime 6 ikuika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno. Musasaine pepala limene simunalimve. Ngati ndinu nzika ya Malawi, pemphani kuti ofesi ya kazembe ku Harare idziwitsidwe.

Ndikudziwa kuti kukana kunyamulira mbale n'kovuta. Tonsefe tidaleredwa ndi ndalama, ufa ndi makalata oyenda m'manja mwa anzathu, ndipo mwambo umenewo usafe. Koma wokufunirani zabwino sangakwiye mukamupempha kumasula mfundo. Muyende bwino, mukapereke moni kumudzi, ndipo Januwale akupezeni pantchito panu.