Nyali Zitatu Zikayaka Pamodzi pa Lancer Evolution

Omvera amene amatsata mipikisano ya magalimoto akumbukira kuti Tommi Mäkinen wa ku Finland anakhala katswiri wa dziko lonse zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1996 mpaka 1999, akuyendetsa Mitsubishi Lancer Evolution. Galimoto imeneyi imakoka ndi mawilo onse anayi, ndipo inatchuka chifukwa chogwira msewu pokhota ngakhale ili pa liwiro lalikulu. Fakitale inaleka kuipanga mu 2016, koma zilipobe zambiri m'misewu ya ku Japan, ku Britain ndi ku America. Tsono eni ake, akamacheza za mavuto, satchula injini poyamba ayi. Amatchula kapampu kobisika kunsi kwa galimotoyo.

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kuyamba ndi difu. Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati, ndipo ntchito ya difu ndiyo kulola matayalawo kuzungulira mosiyana. Difu wamba imathera pomwepo. Koma mu 1996, pa Evolution IV, a Mitsubishi anaika m'difu yakumbuyo makilachi awiri amene amasamutsira mphamvu ku tayala lakumanja kapena lakumanzere, malinga ndi mmene kompyuta yaonera. Nzeru imeneyi anaitcha AYC. Mu 2001, pa Evolution VII, anaonjezera ina yotchedwa ACD m'difu yapakati, imene imamanga kapena kumasula mgwirizano wa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Makilachi onsewa sagwira okha. Amafinyidwa ndi oyilo wokankhidwa mwamphamvu, ndipo chokankha oyiloyo ndi pampu imodzi yoyendera mota yamagetsi.

Pampu imeneyi kawirikawiri siifa chifukwa cha liwiro kapena nkhanza za woyendetsa. Chimaipha ndi malo amene inaikidwa. Pa magalimoto ambiri a mtunduwu ili kuseri kwa tayala lakumbuyo, pamene madzi ndi matope zimathovukira tsiku ndi tsiku. M'maiko ozizira monga Britain ndi Canada, nthawi ya chisanu amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndipo madzi amcherewo amalowerera m'mizere ya pampu. Thupi la pampuyo ndi la aluminiyamu, koma mkati mwake muli kambale kachitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali madzi amchere, china chimadyeka. Pang'onopang'ono pamachita timaenje, oyilo n'kumapulumukira momwemo m'malo mopita ku makilachi. Mota imalimbikira kuzungulira, koma mphamvu yofunika siikwana; kompyuta ikadikira nthawi yake osaona kusintha, imazimitsa zonse. Nthawi zina dzimbiri limamanga pampu yonse, mota n'kupsa. Kunena zoona, akatswiri amene anapanga difu yanzeru chotere akadatha kupezera pampuyo malo ouma.

Pa Evolution VII, VIII ndi IX zokhala ndi ACD pali nyali zitatu zolembedwa Tarmac, Gravel ndi Snow, kutanthauza msewu wa phula, wa miyala ndi wa chipale. Zinthu zikakhala bwino imayaka imodzi yokha, imene woyendetsa wasankha. Zikayaka zonse zitatu, kompyuta yapeza vuto. Chonyenga ndi chakuti galimoto imayendabe, injini ikulira bwinobwino, kotero kuti mwini wake amati palibe kanthu. Kusiyana kumadzaoneka tsiku limene wakhota mothamanga pa msewu wonyowa, podalira thandizo limene kulibenso.

Komabe nyali zitatu si umboni wakuti pampu yafa. Makaniko wodziwa ntchito sathamangira kuitanitsa yatsopano, pakuti mtengo wake ndi wokhoma. Amayamba ndi zotsika mtengo. Amatsegula buti ndi kuona ngati m'kabotolo muli oyilo wokwanira. Oyilo wake ndi wa giyabokosi yosintha yokha magiya, wa mtundu wa SP III, osati oyilo wolemera wa difu. Amaona fyuzi, rileyi ndi mawaya, chifukwa mapulagi amene ali pafupi ndi tayala nawonso amachita dzimbiri. Kenaka amalumikiza makina owerengera kompyuta, monga MUT ya Mitsubishi, kuti adziwe chimene chadandaulidwa. Mwina cholakwa ndi kachipangizo koyeza mphamvu ya oyilo, kapena kathanki kosunga mphamvuyo, kamene mpweya wake umatha ndi ukalamba. Kathankiko kakafooka, mota imamveka ikuyaka pafupipafupi kuposa kale.

Ikapezeka kuti ndi pampu, pali njira ziwiri: kugula yatsopano, kapena kuimasula, kupala dzimbiri ndi kuikamo kambale ndi malabala atsopano. Njira yachiwiriyi imatheka ngati aluminiyamu sanadyeke kwambiri. Yogula pa galimoto yophwasulidwa ndi yokayikitsa, popeza nayonso inamwa madzi omwewo. Ntchito ikatha, mpweya uyenera kutulutsidwa m'mapaipi, ndipo izi zimafuna makina aja kuti atsegule mavavu mmodzimmodzi. Kungothira oyilo n'kutseka sikukwanira.

Amene amaitanitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan kapena ku Britain angachite bwino kufunsa chithunzi cha pampuyo asanalipire, ndi kuonetsetsa kuti nyali zitatu zija zimayaka potembenuza kiyi, pambuyo pake n'kutsala imodzi. Kuno kulibe mchere m'misewu, koma dzimbiri lobwera nalo silileka, ndipo matope a m'dzinja amasunga chinyezi.

Eni ake ena amachotseratu pampuyo kunsi n'kuimangirira m'buti, ataionjezera mapaipi ndi mawaya. Imadya malo a katundu, ndipo phokoso lake limamveka m'galimoto, koma madzi saifikanso.