MWAGULA GALIMOTO YOWONONGEKA: KODI LAMULO LIKUTI CHIYANI?



Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyerekeze mlimi wa ku Tsangano m'boma la Ntcheu, amene wagulitsa mbatata yake ya kachewere nakagula galimoto yakale kwa ochita malonda a magalimoto. Ogulitsawo amutsimikizira kuti injini ili bwino, koma sabata isanathe galimotoyo yafera pa msewu wa M1 asanafike pa Lizulu. Kodi ndalama zake zapita?

Iyayi. Lamulo la Sale of Goods Act likuti wochita malonda ayenera kugulitsa katundu woti n'kugwira ntchito yake, makamaka ngati wogula adafotokoza ntchito imene akumufunira. Galimoto yakale siingafanane ndi yatsopano, koma iyenera kuyenda. Komabe dziŵani kuti ngati mudaiyendera musanalipire, simungadandaule za chilema chimene maso akadatha kuona.

Chachikulu ndi ichi: musazengereze. Mukasunga galimotoyo nthaŵi yaitali osanena kanthu, lamulo limayesa kuti mwailandira. Pamenepo mwayi woibweza watha, chotsala n'kupempha chipukutamisozi basi.

Tsono muchite chiyani? Choyamba, imikani galimotoyo ndipo makaniko aipime, alembe zimene wapeza. Asaiphwasule ogulitsa asanaione. Chachiŵiri, lemberani ogulitsa kalata yoŵauza kuti mwaikana ndipo mukufuna ndalama zanu, kapena kuti aikonze. Sungani kalata ina yofanana nayo, pamodzi ndi lisiti ndi pangano la malondawo.

Akakana, kadandauleni ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe, limene limateteza ogula. Lamulo latsopano la 2024 lidaonjezera mphamvu za bungweli. Mukhozanso kukasuma ku bwalo la majisitireti pa boma la Ntcheu. Ndalama zikakhala zochuluka, mlandu umapita ku Bwalo Lalikulu. Amene sangathe kulipira loya akafunse thandizo ku Legal Aid Bureau.

Inu amene simunagule, kumbukirani kuti safunsa adadya phula. Pitani ndi makaniko wanu, ndipo lonjezo lililonse la ogulitsa lilembedwe papepala, pakuti mawu apakamwa amavuta kuŵachitira umboni m'bwalo.