Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wopereka mphoto ku sukulu ya Humanities, Chirunga



A Vice Chancellor, akuluakulu onse a yunivesite ino, mafumu athu, atsogoleri a zipembedzo, aphunzitsi, makolo, ophunzira, ndi inu atolankhani amene mwatsamira khoma kumbuyoko, nonse ndakupatsani ulemu. 

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ndikuona ena mwayamba kale kuyang'ana wotchi poti fungo la mpunga lafika muholo muno. Pepani, ine pano sindine mlendo weniweni. Nsima ya m'kafeteriya ya pano ndinaidyapo, m'laibulale umo ndinawodzerapo buku lili pamphumi, ndipo phiri mukuliona apoli linandionapo ndikukhetsa misozi mayeso atandipinda. Ndiye mame a lerowa achedwerako pang'ono.

Ndamvetsera zonse zimene mkulu wa sukuluyi watiwerengera: mabuku amene aphunzitsi atulutsa, kafukufuku amene ali m'kati m'midzimu, sewero limene ana athu ationetsa m'mawa muja, ndi mayina a amene akhoza bwino koposa. Sindibwerezanso, mwiniwake wazinena momveka. Ine ndabwera kudzayankha funso limene linandikanika ndili mnyamata.

Masiku amenewo mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite tinkawamvera pa wailesi. Langa litatchulidwa, mayi anga analuluta mpaka nkhuku zinabalalika. Bambo anadikira kuti phokoso lizizire, kenaka anandiitanira pakhonde. "Nanga kumeneko ukukaphunzira chiyani?" Ndinati mbiri yakale ndi ziyankhulo. Anakhala duu, nafwenkha fodya wawo, kenaka anati: "Mwana wa uje akukaphunzira udokotala. Iwe ukukalipira ndalama kuti ukamve nthano zimene agogo ako amatiuza ulere pamoto?" Ndinangoti kukamwa yasaa. Ndikudziwa kuti pakati pa makolo muli pano alipo amene funso lomweli likuwadya mumtima, kungoti ulemu wawagwira pakamwa. Enanso munamva ana anu akunyozedwa ndi anzawo a sayansi kuti digiri ya BAH ndi ya anthu othawa masamu.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Yunivesite ya Malawi inatsegula makomo ake mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo Chancellor College inasamukira kuno ku Chirunga mu 1973. Isanasamuke n'komwe, mu 1970, kagulu ka ophunzira ndi aphunzitsi kanayamba kukumana sabata iliyonse kuwerengerana ndakatulo ndi nkhani zimene alemba. Ankadzitcha Writers Group. M'kagulu kameneka munadutsa a Jack Mapanje, a Frank Chipasula, a Lupenga Mphande, a Steve Chimombo, a Anthony Nazombe ndi ena ambiri. Inali nthawi imene munthu asanayankhule ankayamba wacheuka, ndipo bungwe la Censorship Board linkanunkhiza tsamba lililonse lisanapite kosindikiza. Anyamatawa anatani? Anabwerera kwa agogo omwe aja bambo anga ankanena. Anatenga bilimankhwe, anatenga Napolo, anatenga Mbona ndi Kaphirintiwa, n'kumakulungamo zimene pakamwa sipakanatha kunena poyera. Kuphiphiritsa kumene mayi amachita pamtondo podzudzula mwamuna wake osamutchula dzina, iwo anakusandutsa chida cholembera.

A Mapanje anatulutsa buku lawo la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, mu 1981. Patapita zaka pang'ono bukulo linazimiririka m'masitolo ndi m'masukulu. Pa 25 September 1987, ali mkulu wa dipatimenti pano, apolisi anawatenga ku Gymkhana Club, pamtunda pompa, n'kukawatsekera ku Mikuyu. Anatuluka mu May 1991 osaonekerapo pamaso pa woweruza, osauzidwa mlandu wawo. Amayi ndi abambo, boma silitaya mafuta a galimoto kukagwira munthu wochita zachibwana. Ngati ndakatulo zinali nthano za pamoto chabe, anthu a mfuti ankaziopera chiyani?

Chaka chotsatira, pa 8 March 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, ophunzira a pano anali m'gulu la oyamba kulowa mumsewu kusonyeza kuti akugwirizana nayo, ndipo koleji inatsekedwa. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera matipate. Sindikunena kuti ufulu unabadwira ku Chirunga kokha, ayi. Ogwira ntchito m'mafakitale ku Blantyre anakhetsa mwazi, ndipo ena anafera m'ndende. Koma mawu ofotokozera chimene chinkatipweteka, ambiri anasulidwa m'makalasi ano. Ndipo nkhondoyo sinathere pomwepo. Mu February 2011, mphunzitsi wa za ndale, a Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi kukafunsidwa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi momwe muli akazitape, ndipo maphunziro anaima pafupifupi miyezi 8. Ophunzira anataya chaka, makolo anataya ndalama, ndipo sindikupeputsa ululu umenewo. Koma lero mphunzitsi akamaima kutsogolo kwa kalasi n'kupereka chitsanzo chowawa osanjenjemera, adziwe kuti alipo anamulipirira.

Ndisakhale ngati woimba nyimbo zotamanda mfumu. Pano pachitikanso zochititsa manyazi. Mu 1995 mayi Isabel Apawo Phiri, amene ankaphunzitsa za chipembedzo, ataulula zotsatira za kafukufuku wokhudza nkhanza zimene atsikana ankakumana nazo pasukulu, ophunzira ena anakagenda nyumba yawo. Mayiwo anachoka m'dziko muno, ndipo patsogolo pake anakakhala m'modzi mwa akuluakulu a World Council of Churches ku Geneva. Ndanena izi kuti inu anyamata mumve: kufunsa mafunso ovuta kumakoma tikamafunsa boma, koma kumayesedwa tsiku limene funsolo latiloza ifeyo.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga, pa chiyankhulo. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, koma tinatha zaka zoposa 30 tilibe buku lotanthauzira mawu athu m'chiyankhulo chathu chomwe. Mwana akafuna kudziwa tanthauzo la mawu a Chichewa ankayenera kudzera m'Chingerezi, ngati munthu wopita kwa amalume ake modzera kwa atsamunda. Centre for Language Studies, imene inakhazikitsidwa mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board, ndiyo inatichotsa manyazi amenewa potulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ntchito yotere ilibe nthungululu. Munthu amakhala tsiku lathunthu akulimbana ndi mawu amodzi, kufunsa nkhalamba ya ku Dedza, kufunsanso ya ku Nkhotakota, n'kupeza kuti awiriwo sakugwirizana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo omwewa agwiranso ntchito yokonza kalembedwe ka Chiyao ndi Chitumbuka, ndipo pamenepo ndiyamike, chifukwa dziko lino lili ndi malilime ambiri ndipo onse ndi athu.

Mwina simudziwa kuti Chichewa chimaphunziridwa m'mayunivesite akuluakulu kunja. A Sam Mchombo, amene anaphunzitsapo pano asanapite ku Berkeley ku America, analemba pamodzi ndi mayi Joan Bresnan mu 1987 nkhani imene akatswiri a ziyankhulo akuiwerengabe mpaka lero. Mutu wake waukulu ndi kachidutswa kakang'ono, ka "mu" kamene kali m'kati mwa mawu oti "ndamuona". Inu mumakatchula kambirimbiri patsiku osakaganizira, koma kanathandiza akatswiri kumvetsa mmene ziyankhulo za anthu zimalumikizira mawu. Mu 2004 a Mchombo anatulutsanso The Syntax of Chichewa ku Cambridge. Nawo a Benedicto Wokomaatani Malunga, amene anakhalapo Registrar wa yunivesite ino, anatenga buku lotchuka la Chinua Achebe, Things Fall Apart, n'kuliika m'Chichewa ndi dzina loti Chipasupasu. Amene amati chiyankhulo chathu n'choperewera, akawerenge kaye bukulo, tidzakambirane bwino.

Za zisudzo ndingodutsamo, poti mwadzionera nokha m'mawa uja. Gulu la Travelling Theatre, m'manja mwa anthu ngati a David Kerr ndi a Chris Kamlongera, m'zaka za m'ma 1980 linatuluka m'holo n'kupita kumidzi, ku Mbalachanda ndi kumadera a ku Liwonde. Ankagona komweko, kumva madandaulo a eni mudzi pa za zitsime ndi zimbudzi, n'kuumba sewero. Sewerolo likafika pothina ankaliimitsa n'kufunsa anthu kuti, "Nanga apa titani?" Mayi amene pamsonkhano wa amfumu sakanatsegula pakamwa ankapezeka akukalipira munthu wa m'sewero, ndipo pokalipapo ankanena zoona zake za mudziwo. Mabungwe a zaumoyo amene lero amayenda ndi magulu a zisudzo akuyenda m'njira imene inalambulidwa kuchokera pano.

Dandaulo langa nali, ndipo aphunzitsi mundipirire. Nzeru zambiri zimene timakatapa kumudzi sizibwerera kumudzi. Wophunzira amapita kwa gogo wa zaka 80, amamufunsa masiku atatu, amadya nkhuku yake, n'kudzalemba zonse m'Chingerezi chimene gogoyo sadzachimva. Bukulo limakakhala pashelefu kudikira chiswe. Kumeneko ndi kukolola m'munda wa mwini osasiyako ngakhale dengu limodzi. Ndikupempha kuti aliyense womaliza kafukufuku alembeko masamba awiri kapena atatu m'chiyankhulo cha anthu amene anamuthandiza, akawawerengere pabwalo, ndipo wailesi ya Chanco iwaulutse. Sizifuna thandizo la kunja zimenezi. Zifuna lamulo la dipatimenti basi.

Ndipo musaganize kuti zimene agogo amasunga ndi zokometsera chabe. Mu December 1946 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba n'kuwononga tauni ino. Anthu anati Napolo wadutsa, ndipo dzina limeneli ndi lomwe a Chimombo anadzalisandutsa mutu wa ndakatulo zawo. Mu March 1991 zinachitikanso ku Phalombe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. M'midzi ya m'tsinde mwa mapiri amenewa muli nkhalamba zimene zimadziwa makwawa amene Napolo anadzerapo kale, malo amene makolo ankaletsa kumangapo nyumba. Injiniya ali ndi mapu ake, inde, koma wina ayenera kukakhala pamphasa ndi nkhalambazo, kumva chiyankhulo chawo, kusiyanitsa chikhulupiriro ndi chikumbukiro, n'kulemba zisanapite nazo kumanda. Munthu ameneyo amaphunzitsidwa m'sukulu ino. Dipatimenti ya mbiri, kuyambira masiku a a Kings Phiri, inkatumiza ophunzira kumidzi ndi makaseti kukatola mbiri ya pakamwa. Makaseti amenewo ndi mapepala ake asamutsidwire m'kompyuta chinyezi chisanawamalize. A National Archives ali pompano mu Zomba, ulendo wake ndi wapansi.

Kwa inu ophunzira, sindikunamizani. Ntchito zavuta. Mudzayenda ndi envulopu ya khaki m'maofesi mpaka nsapato kutha chidendene, ndipo ena adzakufunsani funso la bambo anga lija mopanda ulemu. Koma tsegulani maso. Makhothi athu amazenga milandu m'Chingerezi, ndipo ufulu wa munthu wosapita kusukulu umatsamira pa lilime la womasulira. Malamulo amene aphungu amapanga ku Lilongwe amalembedwa m'Chingerezi, pamene eni ake owatsata ambiri sachimva. Kuchipatala, kuwailesi, kumabanki, paliponse pakusoweka munthu wodziwa kumva bwino, kuganiza mwadongosolo ndi kulemba zomveka. A Paul Tiyambe Zeleza anakhala pa mabenchi omwe mwakhalapowa m'zaka za m'ma 1970. Analemba Smouldering Charcoal, analandira mphoto ya Noma mu 1994 chifukwa cha buku lawo la mbiri ya chuma cha Africa, anakakhala mkulu wa koleji ya maphunziro ngati anu omwewa ku Loyola Marymount ku Los Angeles, kenaka Vice Chancellor wa yunivesite ya USIU ku Nairobi. Sikuti nonse mudzafika kumeneko. Ena mudzakhala aphunzitsi ku sekondale ya kumudzi yopanda magetsi, ndipo mwana amene adzaphunzire kulemba chiganizo choongoka m'manja mwanu sadzakuiwalani.

Kuyambira mu 2021, pamene Polytechnic ndi makoleji a zachipatala anaima paokha, dzina la University of Malawi linatsalira pano pa Chirunga. Dzinali n'lolemera. A boma ndi a makampani amene muli pano, mukamagawa thandizo musamangoona malabotale okha. Dikishonale nayo imafuna ndalama, holo ya zisudzo imafuna magetsi, ndipo Kachere, imene yasindikiza mabuku ambiri onena za dziko lino, imafuna ogula. Tengani ana awa m'maofesi mwanu adzaphunzire ntchito, muwayese kaye musanawakane. Ndipo inu anzanga amene tinadutsa pano, tisamangobwera tsiku la mwambo kudzajambulitsa zithunzi. Aliyense asankhe wophunzira m'modzi wochita lendi ku Chikanda amene akugona ndi njala, amulipirire chakudya mpaka teremu ithe.

Bambo anga anamwalira ndisanawayankhe bwinobwino. Koma chaka chawo chomaliza ndinakhala nawo masiku anayi ndi kaseti, ndipo anandiuza mayina a makolo athu mibadwo isanu ndi njira imene anadzera pobwera. Lero adzukulu awo, ena obadwira ku Joni, amamva mawu awo pafoni.

Makolo, ana anu sanasochere. Wapampando, manja anga ndi okonzeka. Itanani woyamba adzalandire mphoto yake.